Khobidi la Vespasian Lomwe Wina Analichotsa Makwinya

Lipoti la ntchito yoyeza ndi kusamalira makobidi atatu a mkuwa a Aroma

Mmene anandipezera

Makobidiwa anabwera m'chitini cha mabisiketi, lililonse m'kaenvulopu kakekake kofiirira ndi ukalamba. Anabwera nawo ndi mayi wina wakwathu, namwino amene anakwatiwa kuno ku England, ndipo za ine anazimvera kutchalitchi. Apongozi awo aamuna anali atatisiya, ndiye pokonza m'nyumba ya malemu banja linapeza chitinicho kuseri kwa nsapato m'kabati. Munali makobidi 41. Ambiri anali a konkuno ku Britain a m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900, amenewo sindiwakamba. A Aroma anali atatu.

Ntchito yanga ndi yosamalira zinthu zakale zachitsulo: kuziyeza, kuzindikira kuti ndi chiyani, ndi kuletsa dzimbiri kuti lisazidye. Sindigulitsa makobidi, ndipo mtengo sindiika. Ndinawauziratu mayiwo asanakhale n'komwe pampando, pakuti anthu ambiri amafika ali ndi nambala kale m'mutu.

"Achimwene, ine mafunso anga ndi awiri basi," anatero. "Ndi enieni? Ngati ndi enieni, lalikululi tingagulitse?"

Lalikululo linali lokongoladi, lobiriwira ngati tsamba la mango, losalala, nkhope yooneka bwinobwino, zilembo zonse zowerengeka. Pa envulopu yake malemu analemba kuti analigula m'sitolo ina ya makobidi mu 1974. Lachiwiri linali lopyapyala ndi losaoneka bwino, mutu wa munthu ngati waujambula mwana wa sitandade 2, ndipo envulopu inati linatoledwa m'dimba la kunyumba kwawo pafupi ndi Colchester mu 1962. Lachitatu linali kakang'ono, kali ndi tiufa tobiriwira m'mphepete, envulopu yake yopanda mawu. Ndiwatchula A, B ndi C monga ndinawalembera m'kaundula wanga.

Zimene sikelo inanena

Ndimayamba ndi sikelo ndisanayang'ane nkhope ya mfumu, chifukwa nkhope ikandikopa, zina zonse ndimaziwerenga mokondera. A linalemera magalamu 25.1, m'mimba mwake mamilimita 34. B linalemera magalamu 5.2, mamilimita 24. C linali magalamu 3.2, mamilimita 21.

Manambalawa amalankhula ukawaika pambali pa dongosolo limene Augustus, mfumu yoyamba ya ufumu wa Aroma, anakhazikitsa cha m'ma 23 BC. Makobidi a tsiku ndi tsiku anali a zitsulo ziwiri. Sestertius ndi dupondius ankasulidwa ndi orichalcum, mkuwa wosakaniza ndi zinc, umene ukakhala watsopano umawala mwachikasu ngati golide. As ndi quadrans anali a mkuwa wofiira wosasakaniza. Denarius imodzi ya siliva inali masestertius 4, kapena ma as 16. Dupondius inali ma as 2, ndipo poti kukula kwake kunali kofanana ndi as, anthu ankasiyanitsa ndi mtundu wa chitsulo, kufikira nthawi ya Nero pamene anayamba kumveka mfumu chisoti cha malawi a dzuwa pa dupondius.

Msilikali wa nthawi imeneyo ankalandira madenarius 225 pa chaka, omwe ndi masestertius 900, asanamudule za chakudya ndi zovala. Pa khoma lina la malo omwera ku Pompeii panalembedwa kuti vinyo wamba ndi as imodzi, wabwinopo ma as 2, wa Falernum ma as 4. Ndiye kuti khobidi longa A linali kapu imodzi ya vinyo wapamwamba. Owerenga Baibulo makobidiwa amawadziwa kale osazindikira: mpheta ziwiri zija za pa Mateyu 10:29 zinkagulidwa ndi assarion, lomwe ndi dzina la as m'Chigiriki, ndipo timakobidi tiwiri ta mkazi wamasiye pa Maliko 12:42 pamodzi tinkakwana quadrans imodzi.

A linagwera bwino pa mlingo wa sestertius. B linali ndi zithunzi za as koma kulemera kwake kunali theka chabe, popeza as ya boma inkalemera magalamu 10 kapena 11. C silinali la dongosolo limeneli n'komwe, linali la zaka za m'ma 300.

Kuwerenga zilembo za A

Kumaso kwa A kuli mutu wa mwamuna woyang'ana kumanja, wovala nkhata ya masamba. Mawu amayambira pansi kumanzere n'kuzungulira monga muvi wa wotchi: IMP CAES VESPASIAN AVG P M TR P P P COS III.

Munthu akangoona amati ndi zilembo zomwazika, koma chilichonse ndi udindo wofupikitsidwa. IMP ndi imperator, mkulu wa asilikali wopambana nkhondo. CAES ndi Caesar, Kaisara uja. AVG ndi Augustus. P M ndi pontifex maximus, mkulu wa ansembe a boma. TR P ndi tribunicia potestas, mphamvu imene kale inali ya oteteza anthu wamba ndipo mafumu anaitenga kukhala yawo. P P ndi pater patriae, tate wa dziko. Choncho ma P atatu ondondozanawo si kulakwitsa kwa wosema: loyamba ndi la TR P, awiri otsatirawo ndi a tate wa dziko.

Kwa ine mawu ofunika kwambiri ndi omalizawo. COS III akutanthauza kuti mfumu inali pa udindo wa consul, udindo waukulu wa chaka chimodzi m'boma la Roma, kachitatu. Vespasian, mwini dzina la pa khobidili, anakhala consul koyamba mu 51 AD asanakhale mfumu, kachiwiri mu 70, kachitatu mu 71, kachinayi mu 72. Aroma sankalemba chaka pa khobidi monga tichitira ife, koma COS III imatsekera khobidili m'chaka cha 71. Ndinayang'ananso kunsonga kwa khosi ngati kuli kampira kakang'ono, chizindikiro cha makobidi osulidwa ku Lugdunum, komwe lero ndi Lyon. Kunalibe. Limeneli ndi la ku Roma.

Ndandanda wa maudindowu uli ndi chifukwa chake. Vespasian sanali wa banja la Augustus. Anabadwa mu 9 AD kudera la Reate, bambo ake anali wokhometsa msonkho. Nero atadzipha mu 68, chaka cha 69 chinaona mafumu anayi: Galba, Otho, Vitellius, kenako iyeyu, amene asilikali a ku Egypt anayamba kumulumbirira pa 1 July. Munthu wotere, wolowa ufumu ndi mkondo, anafunika kuti khobidi lililonse lizinena kuti mayina ndi maudindo onse a Augustus tsopano ali pa iye.

Kumbuyo kwake

Kumbuyo kuli mtengo wa kanjedza pakati. Kumanja kwake mkazi wakhala pansi, wagwira tsaya, wazyolika. Kumanzere kwaima mwamuna wamkulu msinkhu kuposa mkaziyo, wovala zankhondo, mkondo m'dzanja, phazi lapondera chisoti chachitsulo. Mozungulira mwalembedwa IVDAEA CAPTA, ndipo pansi pali S C. Mawu oyambawo akuti Judaea wagwidwa. S C ndi senatus consulto, kunena kuti mwa chigamulo cha bwalo la Seneti, zilembo zimene zinkakhala pa makobidi a mkuwa a Roma kwa zaka zoposa mazana awiri.

Ayuda anaukira Aroma mu 66. Nero anatumiza Vespasian kukathetsa kuukirako, ndipo iye atapita kukatenga ufumu, mwana wake Titus ndiye anagwetsa Jerusalem ndi kuwononga kachisi mu 70. Chaka chotsatira bambo ndi mwana anaguba mwachipambano m'misewu ya Roma, zipangizo za m'kachisi zikunyamulidwa patsogolo. Khobidili ndi la chaka chimenecho.

Pali zinthu ziwiri zimene khobidili silinena, ndipo ndimakonda kuziuza ophunzira amene amabwera kudzaona ntchito. Choyamba, Judaea sanali dziko lachilendo logonjetsedwa kumene. Aroma ankalilamulira kale kuyambira mu 6 AD. Mawu akuti capta anali atagwira ntchito pa ndalama ya Augustus yonena za Egypt, ija ya ng'ona. Vespasian anabwereka mawuwo kuti kuzimitsa kuukira kwa anthu ake omwe kuoneke ngati kukulitsa ufumu, pakuti nkhondo ina imene inamupatsa mpando inali ya Aroma okhaokha, yosayenera kuitamandira pa khobidi. Chachiwiri, mu 71 nkhondo inali isanatheretu. Linga la Masada linagwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Mpaka pano zonse zinkagwirizana, kulemera, kukula, mawu ndi zithunzi. Ndikatembenuza khobidi, kumbuyo kunali chadodolido poyerekeza ndi kumaso, monga zimakhalira pa makobidi a mkuwa a nthawi ya Vespasian. Komabe mtima wanga sunakhazikike.

Pamene ndinalakwitsa

Chimene chinandivuta ndi kusalala. Mkuwa umene wakhala m'dothi zaka pafupifupi 1,900 susalala chimodzimodzi paliponse. Ndipo makobidi otchuka ngati limeneli akhala akukopedwa kuyambira kalekale. Giovanni da Cavino wa ku Padua, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1500 mpaka 1570, ankasema zidindo zake n'kusula masestertius okongola kuposa enieni, ndipo pambuyo pake ena ankatenga ntchito zakezo n'kuumbira zikombole, kuthiramo chitsulo chosungunula. Tsiku lachiwiri ndinawaimbira mayiwo kuwauza kuti lalikululo likuoneka lopanga. Ndinafulumira. Ndinali ndisanaliike pa maikulosikopu mokwanira, ndipo kuuza munthu wofedwa kuti chuma cha apongozi ake n'chabodza pongodalira diso ndi chinthu chimene sindiyenera kubwerezanso.

Chinanditsutsa ndi mphepete mwake. Khobidi lothira m'chikombole limakhala ndi kamzere pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena zipsera za tupa pomwe kamzereko kanafafanizidwa, komanso timaenje ta thovu la mpweya. Pa A panalibe zimenezi. Panali ming'alu iwiri yolowera m'kati, yokhakhala m'kati mwake, yofanana ndi imene imabwera chitsulo chikamenyedwa ndi nyundo pakati pa zidindo ziwiri. M'mng'alu umodzi dzimbiri linaoneka m'magawo ake: pansi lofiira, lotchedwa cuprite, lolumana ndi chitsulo, pamwamba pake lobiriwira lolimba. Dzimbiri lotere silipangika pa mwezi umodzi m'botolo la mankhwala.

Kenako ndinanyowetsa kathonje ndi acetone, mankhwala osungunula utoto, n'kupukuta pang'ono kuseri kwa khosi la mfumu. Thonje linabiriwira. Patina yeniyeni, chikamba chija chimene mkuwa umavala m'dothi, sisungunuka ndi acetone. Chimene chinachokacho ndi utomoni wosakaniza ndi utoto. Pansi pake panatuluka chitsulo chachikasu chowala, chokhala ndi timizere tolunjika mbali imodzi, ntchito ya kachipangizo kakuthwa. Nyali ya UV, imene imawalitsa zopakidwa zosaoneka ndi maso, inaonetsa kuti utomoniwo wapakidwa pafupifupi kumaso konse ndi theka la kumbuyo.

Apa nkhani inatembenuka. Khobidi ndi lakale ndithu, koma wina analipala n'kulisemanso. Mwina linali lofufutika kwambiri kapena lodyeka, ndiye anatsitsa malo opanda chithunzi kuti mutu ndi zilembo zitumphuke, anazokotanso tsitsi, maso, masamba a kanjedza ndi zilembo zingapo, kenako anabisa zipsera zonse ndi utoto. Pa maikulosikopu zilembo zodindidwa zimakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi, pamene zosemedwanso zimakhala ndi makoma oima chilili ndi mutu waphwatalala. VESPASIAN yense anali wa makoma oima. COS III, mwamwayi, sanakhudzidwe.

Chipsera chimodzi chinandithandiza. Makina a XRF, oyeza mitundu ya zitsulo zimene zili m'khobidi, amawerenga pamwamba pokha, ndipo pamwamba pa orichalcum yakale zinc imakhala itachoka kale, choncho manambala amanama. Koma wopalayo anali atandifukulira chitsulo cham'kati. Pamalo amenewo makina anapeza mkuwa ndi zinc pafupifupi magawo 17 pa 100, mtovu ndi tin zochepa kwambiri. Izi zikugwirizana ndi nthawi ya Vespasian, popeza zinc inali yochuluka m'masiku a Augustus ndipo inkacheperachepera m'zaka zotsatira. Opanga makobidi abodza othira amakonda mkuwa wa mtovu wambiri chifukwa umayenda bwino m'chikombole.

Umboni womaliza unali chidindo. Zidindo za Aroma zinkasemedwa pamanja, choncho palibe ziwiri zofanana ndendende. Ndinatha madzulo atatu ndikufufuza zithunzi pa intaneti, kuyambira m'nkhokwe ya OCRE imene amaisamalira a American Numismatic Society. Ndinapeza khobidi lina losakhudzidwa lomwe linali ndi kachotupa komweko pakati pa zilembo A ndi V, chizindikiro cha chidindo chong'aluka pang'ono, ndipo nsonga ya riboni ya nkhata inaloza chilembo chomwecho. Makobidi awiriwa anatuluka m'chidindo chimodzi.

Nkhope ziwiri

Kuika zithunzi ziwirizi pamodzi n'kumene kunandipweteka mtima. Pa khobidi losakhudzidwa Vespasian ndi nkhalamba ya zaka 61: dazi likulowa, makwinya pamphumi, khosi lonenepa, milomo yofinyika. Suetonius, wolemba mbiri ya mafumu a Roma, analemba kuti nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene akudzikakamiza kuchimbudzi, ndipo tsiku lina atapempha wanthabwala wina kuti amuseke, anamuyankha kuti adzatero akamaliza kudzithandiza. Osema zidindo ku Roma ankatha kukongoletsa mfumu akafuna. Nero anamusema ndi tsitsi lopesedwa m'mizere ngati woimba pa siteji. Vespasian sanamukongoletse dala. Anthu anali atatopa ndi mfumu yachinyamata yowononga chuma, ndipo makwinyawo ankanena kuti tsopano pampando pali msilikali wokhwima, wakumudzi, wodziwa mtengo wa zinthu. M'dziko lopanda nyuzipepala anthu ambiri ankamuona mfumu wawo pa khobidi pokha, monga mmene ambiri a ife tinadziwira nkhope ya Kamuzu pa makobidi a m'thumba.

Wosemanso uja anamumeretsa tsitsi pamphumi, anasalaza tsaya, anawongola chibwano. Anatulutsa mwamuna wa zaka 40 wooneka bwino, amene sanakhalepo mfumu. Kumbuyo nako anasokoneza chifukwa chosadziwa chimene akuona. Mkazi wolirayo amayenera kukhala pa chovala chachitsulo chapachifuwa cha msilikali wogonjetsedwa, koma iye anachisandutsa mwala wozungulira. Lupanga lalifupi la ulemu, parazonium, limene mfumu imanyamula kudzanja lamanzere, analisandutsa ndodo. Mkazi wokhala pa zida za amuna ake ogonja ndi uthenga. Mkazi wokhala pa mwala ndi munthu wotopa chabe. Ena mwa anzanga amati kupala pang'ono n'kosalakwa ngati khobidi linali lodyeka kale. Ine sindivomereza. Khobidi lofufutika limabisa zimene linali nazo, koma losemedwanso limanena zimene silinanenepo.

Ndani anachita zimenezi si funso la lipotili. Envulopu ikungosonyeza kuti malemu analigula lili chomwechi, pakuti utomoniwo unali utakalamba ndi kuyamba kung'aluka.

B, limene mayiwo ankafuna kutaya

"Ili ndiye n'lachinyengo ndithu, taonani mutuwo," anatero tsiku loyamba. Mwa njira ina ananena zoona. B ndi khobidi lokopera, koma analikopera kalekale, Aroma akulamulira Britain.

Kumaso kuli mutu wopanda nkhata woyang'ana kumanzere, ndipo zilembo zochepa zowerengeka ndi zotsalira za TI CLAVDIVS CAESAR AVG P M TR P IMP, dzina ndi maudindo a Claudius amene analamulira kuyambira 41 mpaka 54. Kumbuyo kuli Minerva, mulungu wamkazi wa nkhondo ndi nzeru, akuyenda kulowera kumanja, wakweza nthungo, chishango pamkono, S ndi C mbali ndi mbali. Pa B, Minerva watsala ngati kamtengo ka nthambi, ndipo S yatembenuka chagada. Wosema chidindo anaiwala, kapena sankadziwa, kuti chosemedwa pa chidindo chimatuluka chotembenuka pa khobidi.

Claudius anatumiza asilikali pafupifupi 40,000 kudzalanda Britain mu 43, motsogoleredwa ndi Aulus Plautius. Iye mwini anabwera, anakhala masiku 16, analowa mu Camulodunum, yomwe ndi Colchester ya lero. Asilikali ochuluka chonchi amafuna tchenji ya buledi, mowa ndi malo osambira, koma makobidi a mkuwa ochokera ku boma anali ochepa, ndipo Nero atalowa ufumu mu 54 panadutsa zaka pafupifupi khumi asanayambe kusula a mkuwa ambiri. Anthu anadzithandiza okha. Anakopera as ya Minerva, ena anakopera zokoperazo, ndipo khobidi linkachepa ndi kupotoka pa m'badwo uliwonse wa zidindo. Mu 1935 katswiri C. H. V. Sutherland anagawa makobidi otere m'magulu anayi potengera mmene atalikirana ndi chiyambi chawo, ndipo B ndingaliike chakumapeto. Makobidiwa amapezeka ambiri m'malo amene munali misasa ya asilikali, chizindikiro chakuti ankalandiridwa pamsika popanda vuto.

Dzimbiri la B linali labwino, lofiirira, lolimba, lokhala ndi dothi lomatirira m'makona. Palibe dzanja la masiku ano limene linalipala kapena kulipaka kanthu. Ndinangolitsuka ndi kaburashi kofewa ndi ethanol pang'ono.

Ndipo pali ulusi wolumikiza B ndi A umene malemu mwina ankaudziwa. Mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo ya mu 43 anali Vespasian, akutsogolera gulu la Legio II Augusta kummwera kwa Britain, komwe analanda midzi ya malinga yoposa 20 ndi chilumba cha Wight. Nthawi imene makobidi onga B ankayamba kuyenda m'manja mwa asilikali, mwini nkhope ya pa A anali m'dziko lomweli, ali ndi zaka 33, dazi lisanayambe.

C ndi ufa wake

C linali losavuta kuzindikira koma ndi limene linali pangozi. Kumaso kuli IMP CONSTANTINVS AVG, dzina la mfumu Constantine. Kumbuyo kwaima mulungu Dzuwa, wakweza dzanja lamanja, lamanzere lanyamula mpira wa dziko, ndipo mawu akuti SOLI INVICTO COMITI, kwa Dzuwa losagonjetseka, bwenzi la mfumu. M'mbali muli S ndi F, pansi PLN, kusonyeza kuti linasulidwa ku Londinium, komwe lero ndi London, cha m'ma 313 kapena 314. S C kulibenso. Mayiwo anadabwa, poti kutchalitchi anaphunzira kuti Constantine anatembenuka mu 312 pa nkhondo ya pa mlatho wa Milvius. Ndinawauza kuti Dzuwa anakhalabe pa makobidi ake zaka zingapo pambuyo pake, ndipo lamulo lake la mu 321 lopumula Lamulungu linatchula tsikulo kuti tsiku la Dzuwa.

Tiufa tobiriwira motuwa tija ndi matenda a mkuwa. Mchere wa m'dothi umasiya cuprous chloride pansi pa dzimbiri. Chinyezi ndi mpweya zikafikapo pamatuluka ufa ndi asidi, asidiyo amadya mkuwa wina, n'kupanganso mchere womwewo. Zikasiyidwa, khobidi limatha ngati chimanga cha anankafumbwe. Ndinachotsa ufawo ndi kampeni pansi pa maikulosikopu, maenje anayi. Ndinaliviika tsiku lathunthu mu ethanol wokhala ndi benzotriazole magawo 3 pa 100, nditavala magolovesi chifukwa mankhwalawa si oseweretsa. Litauma ndinaliika m'bokosi la chinyezi masiku awiri kuona ngati ufa ubwerera. Sunabwerere, ndiye ndinalipaka utomoni woteteza wa Paraloid B-72 wopyapyala, amene wina angadzachotse ndi acetone mtsogolo.

Zimene tinagwirizana

Pa A panali njira ziwiri: kuchotsa utomoni wonse kapena kuusiya. Kuuchotsa kukanaonetsa chilungamo, koma khobidi likanatsala la mawangamawanga, chitsulo chosenda chili pamtunda kudikira chinyezi, ndipo makwinya opalidwawo sakanabwerera. Pansi pa utomoni sindinaone chizindikiro cha matenda a mkuwa. Ndinalangiza kuti usiyidwe, kupatula kawindo kamene ndinatsegula kuseri kwa khosi, komwe ndinakaphimba ndi Paraloid yoonekera kuti aliyense wodzayeza mtsogolo adzaone zimene ndinaona.

Ndinapepesa chifukwa cha foni ija. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti khobidi lauka kwa akufa. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Nanga ku okushoni tikangopanda kunena za kusemako?"

"Mayi, lipoti langa likunena, ndipo lina losanena sindilemba. Odziwa makobidi adzaona okha pa mphindi zisanu. Likagulitsidwa, lilembedwe kuti ndi sestertius yeniyeni ya mu 71, yopalidwa, yosemedwanso ndi yopakidwa patina yopanga. Mtengo udzatsika kwambiri, musadzadabwe."

Za malamulo, B linatoledwa lokha ndiponso kalekale lamulo la Treasure Act la 1996 lisanabwere, ndipo lamulolo, lonena za chuma chakale chotoledwa, pa makobidi a mkuwa limakhudza makamaka opezeka pamodzi khumi kapena kuposerapo. Komabe ndinawalimbikitsa kukalionetsa kwa ofisala wa dera lawo wa Portable Antiquities Scheme, amene amalemba m'kaundula zinthu zakale zotoledwa ndi anthu, pamodzi ndi envulopu yake, pakuti malo amene linatoledwa ndi theka la phindu lake. Ndinawapatsa kabokosi kotseka bwino, silica gel yomwa chinyezi, yosintha mtundu ikanyowa, ndi kapepala koyezera chinyezi, ndi malangizo akuti chisapyole 35 pa 100. Timatumba tofewa ta PVC ndinawaletsa.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi anabweranso ndi kabokosiko. A anali asanaligulitse. Amuna awo ndi alamu awo sanagwirizane. B linali litalembedwa m'kaundula ndipo mwana wawo wamkazi analitenga kukaonetsa kusukulu. Silica gel inali itasintha mtundu kalekale osaiumitsanso, ndipo pa C, m'dzenje lakuya la pafupi ndi phazi la Dzuwa, ufa unali utatulukanso kadontho kamodzi. Ndinachotsa Paraloid, ndinabwereza ntchito yonse, ndinawaonetsa mmene angaumitsire silica gel mu uvuni wa moto wochepa, ndipo tinapangana kuti adzabwere nalo pakatha miyezi itatu.